Malangizo Osamalira M'kamwa Pofuna Kuteteza Ubongo pa Ukalamba

M'makomo ambiri a mu Lilongwe, ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona, muli agogo. Ena anabwera kudzaonana ndi madokotala ku Kamuzu Central ndipo sanabwererenso kumudzi, ena akalambira m'tauni momwemuno atapuma pa ntchito. Timawafunsa za BP, za shuga ndi za miyendo yotupa, koma m'kamwa mwawo timasuzumiramo pokhapokha tsaya likatupa. Malangizo awa ndi a inu amene mukusamala agogo, komanso inu amene mwapitirira zaka 40 ndipo mukamatsuka mano mumalavula magazi.

Matenda oiwalaiwala, amene madokotala amati dementia, ndi kufooka kwa ubongo kopita pang'onopang'ono. Munthu amayamba ndi kuiwala pamene waika makiyi, kenako njira ya kutchalitchi, mapeto ake mayina a ana ake omwe. Bungwe la WHO likuti anthu oposa 55 miliyoni pa dziko lonse ali ndi matendawa, ndipo oposa 6 mwa 10 alionse ali m'mayiko osauka ndi otukuka kumene. Mtundu wofala kwambiri ndi wa Alzheimer. Mankhwala ochiziratu palibe, n'chifukwa chake khama lathu liyenera kupita pa kuchepetsa chiopsezo nthawi ikadalipo.

Ofufuza akhala akupeza kuti m'kamwa moonongeka ndi ubongo wofooka zimayendera limodzi. Mu 2017, kafukufuku wa ku Taiwan anaonetsa kuti anthu amene anakhala ndi matenda a nkhama kwa zaka 10 kapena kuposerapo anali ndi chiopsezo cha Alzheimer chokwera ndi pafupifupi 70 peresenti. Mu 2019, asayansi ena anapeza zizindikiro za kachilombo ka m'nkhama kotchedwa Porphyromonas gingivalis mu ubongo wa anthu amene anamwalira ndi Alzheimer. Mu 2021, ofufuza a ku New York University anaphatikiza zotsatira za akafukufuku 14 okhudza anthu oposa 34,000, ndipo anapeza kuti ochoka mano ambiri anali ndi chiopsezo cha matenda oiwalaiwala chokwera ndi 28 peresenti.

Izi sizikutanthauza kuti aliyense wa magweru adzasokonezeka mutu. Nthawi zina zimayambira kwina: munthu akayamba kuiwala amaleka kutsuka mano, mano n'kuonongeka pambuyo pake. Akatswiri a magazini ya zachipatala ya Lancet atandandalika mu 2024 zinthu 14 zopeweka zimene zimakulitsa chiopsezochi, matenda a mano sanawaikepo, koma anaikapo fodya, mowa, shuga ndi BP, zomwe zimaononganso nkhama. Kwa ine umboni umene ulipowu ndi wokwanira kuti tichitepo kanthu, pakuti mswachi ndi wotchipa kuyerekeza ndi zaka zosamala kholo limene silikukuzindikiraninso.

1. Yang'anani m'kamwa lero, masana, panja powala. Sambani m'manja, tengani galasi, kwezani mlomo wapamwamba ndi kutsitsa wapansi. Nkhama zabwino zimakhala zolimba ndipo zimagwira dzino mothina. Nkhama zodwala zimatupa, zimanyezimira, zimatuluka magazi mukazikhudza, ndipo zina zimabwerera m'mbuyo mpaka dzino kuoneka lalitali. Gwedezani dzino lililonse ndi chala. Werengani mano amene atsala ndipo lembani nambalayo ndi tsiku lake kumapeto kwa buku la kuchipatala. Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32. Matenda a nkhama sapweteka poyamba, choncho mukadikira ululu mudzawadziwa mano atayamba kale kugwedera.

2. Tsukani mano kawiri pa tsiku, mphindi ziwiri ulendo uliwonse: m'mawa, komanso usiku mukatha kudya nsima, musanagone. Ambiri timatsuka m'mawa mokha posamba, chonsecho kutsuka kwa usiku ndiko kofunika kwambiri. Munthu akagona malovu amachepa, ndipo zotsalira za chakudya zimakhala pa mano mpaka kucha, tizilombo tikuswana. Mukatsuka usiku musadyenso kanthu kapena kumwa tiyi, madzi okha. Ngati magetsi athima, yatsani tochi ya foni, musadumphitse usiku umenewo.

3. Lozetsani mswachi pamalire a dzino ndi nkhama, mopendeka pang'ono, ndipo uyendetseni mozungulira pang'onopang'ono. Yambirani kumbuyo kumanja m'mwamba, tsatani dzino ndi dzino mpaka kumanzere, kenako m'munsi. Tsukani kunja, mkati cha ku lilime, ndi pamwamba potafunira, n'kumalizira lilime. Pamalirepo ndi pamene pamaunjikana litsiro lofewa lotuwa lodzaza ndi tizilombo. Likakhalitsa limayambitsa chiseyeye, ndipo chiseyeye chikalekereredwa chimalowa pansi, n'kuyamba kudya fupa logwira dzino. Pamenepo madokotala amati periodontitis. Magazi akatuluka musasiye kutsuka pamalopo. Pitirizani mofatsa, ndipo magaziwo ayenera kuchepa pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Chilonda chotuluka magazi tsiku ndi tsiku chikanakhala pa mwendo, bwenzi mutathamangira nacho kuchipatala kalekale. Cha m'kamwa n'chimodzimodzi: tizilombo timalowera pamenepo kupita m'magazi mukamatafuna, thupi limakhala likulimbana ndi kutupa kosatha zaka ndi zaka, ndipo kutupa koteroko ndiko ofufuza akukuganizira kuti kumafooketsa mitsempha ya magazi ndi ubongo.

4. Gwiritsani ntchito mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, mchere wina umene umalimbitsa chikuto cha dzino. Werengani pa chubu: pakhale nambala ya pakati pa 1000 ndi 1500 ppm. Finyani pang'ono, kukula ngati njere ya nandolo. Kudzaza mswachi wonse n'kungotaya ndalama. Mukamaliza lavulani thovu koma musachukuche ndi madzi, kuti mankhwalawo atsale pa mano. Chubu chikatha pakati pa mwezi, tsukanibe ndi mswachi ndi madzi okha, pakuti chimene chimachotsa litsiro ndi mswachi. Makala, phulusa ndi mchenga zisiyeni. Zimayeretsadi, koma zimapala dzino ndi kucheka nkhama, ndipo dzino lopalika silibwereranso.

5. Gulani mswachi wofewa wa mutu waung'ono, ndipo sinthani pakatha miyezi itatu kapena tsitsi lake likayamba kutambalala. Mswachi wolimba umabweza nkhama m'mbuyo. Aliyense akhale ndi wake, ndipo muuimike m'kapu mutu uli m'mwamba kuti uume, osausiya m'bafa yogawana ndi nyumba zina pa poloti. Agogo amene anazolowera mswachi wa mtengo musawalande. Muziwadulira watsopano kawirikawiri, atafune nsonga yake mpaka ifewe, ndipo muwathandize kufika mkati ndi kumbuyo, kumene mtengo umavuta kufikako.

6. Chotsani zotsalira pakati pa mano kamodzi pa tsiku, usiku musanatsuke. Ulusi wotsukira mano umapezeka m'mafamase, ndipo amene mano awo ali ndi mipata ikuluikulu angagule timiswachi ting'onoting'ono tolowa pakati. Pini, singano ndi lezala ayi. Nyama ya kanyenya, chimanga chokazinga ndi minga ya usipa zikatsakamira pakati pa mano, matenda a nkhama amayambira pomwepo, pamene mswachi sufika.

7. Werengani masupuni a shuga amene mukumwa pa tsiku. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire masupuni ang'onoang'ono 12, ndipo ndi bwino koposa kukhala pa 6. Botolo limodzi la chakumwa chozizira la 300 ml limakhala ndi masupuni pafupifupi 8. Onjezerani atatu a mu tiyi wa m'mawa, atatu a mu phala, Sobo wa masana ndi thobwa lothira shuga, muona kuti malire mwadutsa dzuwa lisanapendeke. Chotsani supuni imodzi mu tiyi sabata ino, ina sabata yamawa, lilime limazolowera. Zotsekemera zidyedwe pa nthawi ya chakudya basi. Chimaononga kwambiri mano ndi kubwerezabwereza: maswiti amene agogo amabwira tsiku lonse ali pakhonde amasunga mano mu asidi kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

8. Lekani fodya wa mtundu uliwonse, wosuta, wonunkha, ndi uja ena amaika kuseri kwa mlomo. Chepetsani mowa, makamaka kachasu. Fodya amachepetsa magazi opita ku nkhama, moti wosuta sangaone magazi potsuka pamene fupa likudyeka pansi. Fodya ndi mowa zikaphatikizana zimakulitsa chiopsezo cha khansa ya m'kamwa, ndipo zonse ziwiri zili pa mndandanda uja wa zinthu 14 zoononga ubongo.

9. Yezetsani shuga ndi BP kamodzi pa chaka ngati mwapitirira zaka 40, ndipo ngati muli kale pa mankhwala musadumphe tsiku la sikelo yanu. Shuga wokwera amakulitsa matenda a nkhama, ndipo nkhama zodwala zimapangitsa shuga kuvuta kutsika. Mukapita, auzeni adokotala za m'kamwa. Mankhwala ena a BP, monga amlodipine ndi nifedipine, amatha kukulitsa nkhama mpaka kuyamba kukwirira mano. Ena amaumitsa m'kamwa, ndipo m'kamwa mouma mano amabooka msanga. Musasiye mankhwala panokha. Nenani kuti aone ngati angasinthe, ndipo pakadali pano muzimwa madzi pang'onopang'ono tsiku lonse. Amene akumwa ma ARV anenenso akaona zoyera pa lilime kapena zilonda zosapola.

10. Pitani kukaonetsa mano kamodzi pa chaka, dzino lisanapweteke. Yambirani pa chipatala chapafupi, monga cha Kawale, cha Area 25 kapena Bwaila, ndipo funsani tsiku limene a mano amaona anthu. Vuto likakhala lalikulu adzakulemberani kalata yopita ku Kamuzu Central, kumene kuli nthambi ya mano. Lawirirani, tengani buku la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa. Pemphani kuti aone nkhama, osati mano okha, ndipo funsani za kupala mano. Litsiro lija likakhalitsa limauma n'kukhala chikhakha cholimba chachikasu kapena chakuda, chimene achipatala amati tartar. Mswachi sungachichotse, chimafuna zipangizo za kuchipatala, ndipo nkhama sizingapole chikadalipo. Mzere umatalika chifukwa ogwira ntchito za mano ndi ochepa m'dziko muno. Kwa zaka zambiri tadalira othandiza a mano ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences konkuno ku Lilongwe. Maphunziro a madokotala a mano anayamba mu 2019 ku sukulu imene tsopano ndi Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow, ndipo boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko ya umoyo wa m'kamwa mu 2022. Zinthu zikusintha, koma pang'onopang'ono, ndiye amene wapita vuto lili laling'ono ndiye amathandizika msanga.

11. Dzino likabooka, funsani kaye ngati lingamatidwe musanapemphe kuzula. Ambiri timafika pa mpando titagamula kale kuti lichoke, chifukwa tagona masiku atatu osatseka maso. Kabowo kakang'ono kamamatika. Cholinga chikhale kufika ukalamba muli ndi mano anu osachepera 20, pakuti pamenepo munthu amatafunabe bwino. Komabe musaumirire dzino limene achipatala ati silingapulumuke. Kafukufuku wa ku Tohoku University ku Japan, wofalitsidwa mu 2023, anajambula ubongo wa anthu 172 ndipo anapeza kuti mwa amene anali ndi matenda aakulu a nkhama, kukhala ndi mano ambiri odwala kunkayendera limodzi ndi kufota msanga kwa gawo la ubongo losunga chikumbukiro. Chofunika ndi mano athanzi, osati kuchuluka kwake kokha. Podikira tsiku la kuchipatala, imwani Panado monga mwa muyeso wake, ndipo chukuchani ndi madzi ofunda kapu imodzi othira theka la supuni yaing'ono ya mchere, katatu pa tsiku. Musaike aspirin, fodya, mafuta a galimoto kapena asidi wa m'batire pa dzino, zimaotcha nkhama ndipo dzino limaolabe. Makapisozi ogula pa msika amangoziziritsa ululu masiku ochepa, chotupa n'kubwerera.

12. Mano akachoka ambiri, funsani za mano oikirira, ndipo sinthani kaphikidwe kuyambira lero. Mu kafukufuku wa ku New York uja, ochoka mano amene analibe oikirira ndiwo anali ndi vuto la kuganiza kawirikawiri kuposa amene anali nawo. Agogo a magweru amasiya nyama, mtedza, chimanga ndi zipatso, n'kutsala pa phala ndi tiyi wa shuga. Sadandaula, amangoti sakumva njala. Thupi ndi ubongo zimayamba kuperewera zakudya. Sinjani usipa kapena bonya n'kuthira m'phala kapena m'ndiwo. Phikani nyemba mpaka zife, muzikanye. Dulani masamba mwaung'ono, muwathire nsinjiro. Mazira, mapeyala, nthochi, papaya ndi mbatata yophika sizifuna mano. Muzidya nawo pamodzi, pakuti ena amadzipatula chifukwa cha manyazi a m'kamwa, ndipo kukhala wekha nakonso kuli pa mndandanda wa zofooketsa ubongo. Mano oikirira achotsedwe usiku uliwonse, atsukidwe ndi mswachi ndi sopo pamwamba pa beseni la madzi kuti akagwa asasweke, ndipo agone m'kapu ya madzi oyera. Nkhama nazo zitsukidwe.

13. Agogo akayamba kuiwala, lowanipo pa ntchito yotsuka mano mwapang'onopang'ono. Poyamba kukumbutsa n'kokwanira: apatseni mswachi uli kale ndi mankhwala, inu mutenge wanu, muzitsuka limodzi akukuonani. Nenani mawu amodzi pa nthawi: "Agogo, yasamulani." Dikirani. "Tsopano lavulani." Zikafika povuta, ikani dzanja lanu pamwamba pa lawo muziliyendetsa. Akalephereratu, akhazikeni pa mpando, inu muime kumbuyo kwawo chakumbali, mutu wawo utsamire pa mkono wanu, dzanja lina likweze mlomo. Chitani pa nthawi yomweyo ndi malo omwewo tsiku lililonse. Sankhani munthu mmodzi pa banja woyang'anira ntchitoyi, chifukwa ikakhala ya aliyense sichitika. Ngati chogwirira cha mswachi chikuwapulumuka, chikulungeni ndi kansalu kuti chinenepe.

14. Akakana, musakakamize. Musatsegule pakamwa ndi supuni kapena kuikamo zala pakati pa mano. Siyani, bwererani pakatha theka la ola, mwina atatha kusamba kapena akumvera nyimbo za kwaya pa wailesi. Afikireni chakutsogolo, atchuleni monga mumawatchulira nthawi zonse, ndipo aonetseni mswachi musanaufikitse pakamwa. Munthu amene ubongo wake wafooka amaopa chinthu chobwera modzidzimutsa kumaso. Ngati lero mwatsuka mbali imodzi yokha, mawa yambirani inayo. Amene agona osadzuka, adzutseni akhale tsonga kapena agonekeni chammbali, gwiritsani ntchito mankhwala ochepa kwambiri, ndipo pukutani thovu ndi zotsalira za m'masaya ndi kansalu koyera konyowa. Tizilombo ta m'kamwa tikatsikira m'mapapo timayambitsa chibayo, chimene chimapha okalamba ambiri ofooka, ndipo kafukufuku wa m'nyumba zosungira okalamba ku Japan anaonetsa kuti kutsuka m'kamwa tsiku ndi tsiku kumachepetsa chibayocho.

15. Phunzirani kuzindikira ululu wa dzino mwa munthu amene sangathe kunena. Akayamba kukana nsima koma kulandira phala, kutafunira mbali imodzi, kugwiragwira tsaya, kutaya mano oikirira, kutuluka dovu, kusagona usiku kapena kupsa mtima kumene analibe, yang'anani m'kamwa musanaganize kuti matenda a mutu akula. Kawirikawiri dzino likathandizidwa munthu amakhazikika n'kuyambanso kudya.

16. Mukaona kuiwala kosokoneza moyo wa tsiku ndi tsiku, pitani nawo kuchipatala mwezi womwewo. Zizindikiro zake ndi kufunsa funso limodzi kambirimbiri, kusochera pa njira yodziwika, kusiya mbaula ikuyaka, kulephera kuwerenga chenji, ndi kunamizira ana kuti aba zinthu zimene abisa okha. Kuiwala kwina kumachizika, monga kochokera ku matenda a maganizo, kuperewera kwa mavitamini, matenda a chithokomiro kapena mankhwala osayanjana ndi thupi, n'chifukwa chake kuyezetsa kuli ndi phindu. Zikatsimikizika kuti ndi matenda oiwalaiwala, konzetsani mano onse miyezi yoyambirira yomweyo, akadatha kukhala pa mpando wa a mano ndi kumva malangizo. Dziwitsaninso anansi, amfumu a m'dera ndi akuluakulu a mpingo kapena mzikiti. Agogo opezeka m'bandakucha pakhomo la eni, osavala bwino, akuyankhula zosamveka, amanenedwa msanga kuti ndi mfiti, ndipo m'dziko muno okalamba aphedwapo pa zifukwa zoterezi. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo bungwe la MANEPO limayankhulira okalamba pa nkhanza zotere. Sokererani kansalu kolembedwa dzina lawo, dera ndi nambala ya foni yanu mkati mwa malaya kapena m'mphepete mwa chitenje chawo.

17. Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo mukaona chimodzi mwa izi: kutupa kwa tsaya kumene kukufalikira ku diso kapena ku khosi, kutentha thupi pamodzi ndi dzino lowawa, kulephera kuyasamula, kumeza kapena kupuma, magazi osaleka pambuyo pozula dzino ngakhale mwaluma kansalu koyera kwa theka la ola, kapena agogo kusokonezeka mwadzidzidzi kuposa masiku onse. Mafinya a dzino amatha kutseka njira ya mpweya kapena kulowa m'magazi, ndipo mwa okalamba ndi odwala shuga zimathamanga. Usiku musadikire kuti kuche, pezani galimoto mupite ku Kamuzu Central. Chilonda, chotupa, kapena banga loyera kapena lofiira m'kamwa limene latha sabata zitatu osapola nalonso likaonedwe sabata yomweyo, ngakhale silikupweteka, chifukwa khansa ya m'kamwa imayamba chomwecho.